Musanagule sound card, werengani kaye mabowo ake

Achinyamata amene akuyamba kupanga nyimbo pa laputopu amakonda kufunsa kuti agule sound card iti (kabokosi kolumikizira maiki ndi zida zoimbira ku kompyuta), ndipo amayankhidwa ndi dzina la kampani basi. Ine ndikuti dzina libwere pambuyo. Yambani mwadzifunsa kuti mudzafuna kulowetsa zinthu zingati nthawi imodzi.

Ngati ntchito yanu ndi kupanga ma beat mu pulogalamu ya FL Studio kenako n'kuikapo mawu, Focusrite Scarlett Solo ikukwanirani: ili ndi bowo limodzi la maiki ndi lina la gitala. Koma ambirife timajambulanso nyimbo zauzimu. Pamakhala kiyibodi ya Yamaha, pamakhala oimba awiri amene amagwirizana bwino akaimbira limodzi. Kiyibodi imatulutsa mawu mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo mukajambula mbali imodzi yokha piyano imamveka yopyapyala. Apa pakufunika ya mabowo awiri olandira maiki kapena kiyibodi, monga Scarlett 2i2, Behringer UMC202HD, Audient EVO 4 kapena MOTU M2. Kusunga ndalama mwezi winanso n'kwabwino kusiyana ndi kugula kawiri.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti anthu salabadira za driver, pulogalamu imene imathandiza kompyuta kugwira ntchito ndi sound card. Woimba akaima pa maiki n'kumamva mawu ake m'mahedifoni akubwera mochedwa, ngakhale pang'ono chabe, amasokonezeka. Amayamba kutsalira pa beat, mawu amathawa pa kiyi, ndipo wojambula amamudzudzula kuti sadziwa kuimba pomwe vuto lili m'makina. Pa Windows chimene chimachepetsa kuchedwaku ndi ASIO, njira imene inapangidwa ndi Steinberg, eni ake a pulogalamu yojambulira nyimbo ya Cubase. Sound card yabwino imabwera ndi ASIO driver yakeyake. Zotchipa kwambiri monga Behringer UM2 ndi UMC22 zimadalira ASIO4ALL, yomwe imagwira ntchito ndithu koma siikhazikika ngati yopangidwira chipangizocho. Buffer (kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu timene kompyuta imasonkhanitsa isanatitumize) ikakhala pa 128 mukujambula pa 44.1 kHz (tizidutswa 44,100 pa sekondi), kuchedwa kwake ndi pafupifupi ma millisecond 3 ulendo umodzi. Mukaikweza kufika pa 512 kumayandikira 12, ndiye kumbukirani kuti mawu amalowa n'kutulukanso. Driver yofooka imakukakamizani kukweza buffer chifukwa mukaitsitsa mawu amathetheka. Onaninso ngati pali batani la direct monitor, limene limatumiza mawu a woimba m'mahedifoni asanadutse mu kompyuta. Kwa a MacBook nkhawa ya driver ndi yochepa, poti ma sound card ambiri amangogwira ntchito mukangolumikiza.

Za 192 kHz zolembedwa pa bokosi zisakukopeni. CD imakhala pa 44.1 kHz. Jambulani pa 24-bit, 44.1 kapena 48 kHz, mwamaliza. Kupitirira apo mukungodzaza disiki ndi kulemetsa laputopu.

Batani la 48V lokha, lotumiza moto ku maiki, lisasowe. Maiki a condenser monga Audio-Technica AT2020 kapena Rode NT1 salankhula popanda mphamvu imeneyi. Shure SM58 siifuna. Ndipo abale anga, tima sound card ta V8 tija tamabatani owombera m'manja ndi toulutsira live pa Facebook ndi TikTok. Kumeneko n'tothandiza, koma nyimbo yoti ikamveke pa wailesi musaijambulire pamenepo.

Ma sound card ojambulira onse ndatchulawa amatenga moto ku USB ya laputopu, ndipo kwathu kuno ichi si chinthu chaching'ono. Magetsi akazima, batire ikakhala ndi moto, woimba amene wachokera kutali amamaliza ndime yake ndi mahedifoni. Komanso mukamva kulira kwa "zzz" m'masipika, yesani kuzula chaja ya laputopu musanaganize kuti sound card yawonongeka. Kawirikawiri phokosolo limachokera kumeneko.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi laputopu yanu, maiki a condenser, chingwe cha maiki cha XLR ndi mahedifoni. Yesani bowo lililonse palokha, yatsani 48V, kwezani gain (chokwezera mphamvu ya mawu olowa) pang'onopang'ono mukumvetsera ngati ikukhwekhwereza, gwedezani chingwe cha USB muone ngati ikuduka. Wogulitsa akakana kuti muyese, musapereke ndalama.