Nkhondo ya Kagera: pamene ndimamuikira kumbuyo Nyerere ndi pamene ndimalekera

Anthu akamatsutsana ngati dziko lili ndi ufulu wotumiza asilikali m'dziko la eni, ine ndimakumbukira nkhondo ya Tanzania ndi Uganda, chifukwa pankhondo imeneyi mtima wanga umagwirizana ndi Julius Nyerere, pulezidenti wa Tanzania nthawi imeneyo, kufikira tsiku limene Kampala inagwa, koma kuchokera pamenepo ndimayamba kumufunsa mafunso.

Woputa mnzake anali Idi Amin, mtsogoleri wa Uganda. Mu Okutobala 1978 asilikali ake anawoloka malire, napha anthu wamba ndi kulanda katundu kumpoto kwa mtsinje wa Kagera, ndipo iye analengeza kuti deralo lasanduka la Uganda. Bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa la OAU, lomwe mu 1975 linamupatsa Amin yemweyo mpando wa wapampando pamsonkhano umene Nyerere anakana kupitako, silinamudzudzule. Tanzania itathamangitsa adaniwo sinaime pamalire. Inalanda Masaka ndi Mbarara, inagonjetsa asilikali amene Muammar Gaddafi wa ku Libya anatumiza kudzathandiza Amin, ndipo pa 11 Epulo 1979 inalanda Kampala.

Pamsonkhano wa OAU wa ku Monrovia chaka chomwecho, Olusegun Obasanjo, mtsogoleri wa Nigeria, ndi Jaafar Nimeiry, mtsogoleri wa Sudan, anadandaula kuti Tanzania yaphwanya mfundo yosalowerera nkhani za dziko lina. Nkhawa yawoyo ndimaimvetsa, pakuti dziko lililonse lamphamvu likhoza kupeza chifukwa cholowera kwa mnansi wake, koma sindingavomereze kuti malire ojambulidwa ndi atsamunda anali opatulika kuposa moyo wa Bishopu Wamkulu Janani Luwum, amene anaphedwa ndi boma la Amin mu Febuluwale 1977, ndi miyandamiyanda ya anthu ena amene maina awo sitiwadziwa. Ndiponso munthu amene wakuwotchera nyumba kamodzi, ukangomuthamangitsira kuseri kwa mpanda, mawa abweranso.

Chimene chimandivuta ndi zimene zinachitika asilikali a Tanzania adakali m'dzikomo. Yusuf Lule, amene analowa m'malo mwa Amin, analamula masiku 68 okha n'kuchotsedwa, womutsatira wake Godfrey Binaisa naye anagwetsedwa mu Meyi 1980, ndipo pachisankho cha mu Disembala chaka chimenecho, Paulo Muwanga, amene ankatsogolera boma nthawiyo, atadzitengera mphamvu yolengeza zotsatira, wopambana anakhala Milton Obote, pulezidenti wakale wa Uganda, bwenzi la Nyerere limene linakhala ku Dar es Salaam kuyambira pamene Amin analilanda boma mu 1971. Dziko limene linali ndi mfuti zambiri kuposa aliyense mu Uganda nthawi imeneyo silinganene kuti linali mlendo wongoonerera. Amene wathyola khomo kuti apulumutse am'nyumba amasenzanso udindo wa zochitika m'nyumbamo, ndipo apa ndikukhulupirira kuti Nyerere analola ubwenzi kumuphimba m'maso.

Mu Febuluwale 1981 Yoweri Museveni analowa m'tchire kukayamba nkhondo ina, asilikali a Tanzania anabwerera kwawo chaka chomwecho, ndipo alimi a ku Luwero, dera limene nkhondoyo inakula, amene anali atangopuma kwa Amin, anayambanso kukwirira abale awo.