Siyani kuzula mafupa a ku Karonga ngati chinangwa

Ana inu, tcherani khutu. Mvula ikangokata ku Karonga, m'zigwembe za ku Mwakasyunguti, ku Malema ndi ku Uraha mumaonekera mafupa osanduka miyala, ndipo anthu a manja oyabwa sachedwa kufika. Wina atema ndi khasu, wina abenthula chidutswa n'kuponya m'thumba, wina akuti akagulitsa kwa mlendo. Khalidwe limeneli n'lochititsa manyazi, lekani. Fupa likachoka pamalo pake popanda kulemba pomwe linagona, latha ntchito. Umboni suli m'fupa lokha, uli m'dothi lolizungulira.

Dothi lakumeneko n'losanjikizana, gawo pamwamba pa linzake, ndipo lapansi ndiye lakale. Miyala yomwe akatswiri amaitcha Dinosaur Beds ndi mchenga ndi matope zomwe mitsinje inkatula zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malawi isanakhaleko. Gawo lake lapansi n'lofiirira, lapamwamba n'lotuwa, ndipo mafupa ambiri ali m'lapamwambali. Mmenemo ndimo munatuluka chinyama chakalekale cha khosi lalitali cha mtundu wa dinosaur, Malawisaurus. Mafupa ake oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920, nthawi ya katswiri wa miyala Frank Dixey. Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928, koma dzina loti Malawisaurus linadza mu 1993, Louis Jacobs ndi anzake atakumbanso mosamala. Pagululo panali mwana wathu, Elizabeth Gomani, yemwe mu 1997 anatchula kang'ona kakang'ono ka Malawisuchus, kosafika ngakhale mita imodzi, ka mano onga a nyama zoyamwitsa, ndipo mu 2005 anatchulanso Karongasaurus, chinyama china cha khosi lalitali. Kachigaza ka kang'ona kaja kamakwana m'dzanja. Khasu limodzi lokha, kaphwanyika.

Pamwamba pa miyalayi pali ina yaposachedwa, Chiwondo Beds, yomwe inatulidwa ndi nyanja ndi mitsinje m'zaka pafupifupi 4 miliyoni zapitazi. Apa ndiye mumalakwa kwambiri, inu otolatola. Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha nsagwada ya munthu wakale, yomwe anaipatsa nambala yoti UR 501, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mukuganiza kuti zakazo anazidziwa bwanji? Kumaiko monga Kenya ndi Ethiopia amapima phulusa la mapiri ophulika lomwe lili pakati pa magawo a dothi. M'miyala ya Chiwondo phulusa lotere n'losowa. Choncho amadalira mafupa a nyama zopezeka m'gawo lomwelo, makamaka mano a nguluwe zakale, chifukwa manowo ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi ndipo amafanizidwa ndi a kumalo komwe zaka zinapimidwa kale. Ndiye iwe mnyamata, ukatola dzino n'kumati "ndi la nguluwe chabe", wachotsa chinthu chomwe chikanatiuza msinkhu wa zonse zili pamenepo. Ukalitaya mtunda wina, wasokoneza kawiri, pakuti wobwera pambuyo adzaliwerengera gawo lomwe si lake.

Ena amati akuthandiza. Amalitsuka fupalo ndi madzi, kulikwecha ndi burashi ya waya, kenaka n'kulimata ndi Super Glue. Safunsa anadya phula. Fupa lotere limaoneka lolimba koma mkati muli ming'alu yodzaza dongo. Dongo likanyowa limafufuma, likauma limanyala, ndipo fupa limagawanika lokha. Guluu wa m'golosale amalowa m'ming'alu pamodzi ndi mchenga, zidutswa zimagwirana mokhota, ndipo kuzilekanitsa osathyola n'kovuta zedi. Vanishi ndi penti nazo zimakwirira timizere tosonyeza pomwe panagwira minofu.

Taonani mmene odziwa amachitira, kuti mumvetse chifukwa chake ntchitoyi si ya khasu. Asanakhudze kanthu amajambula, amalemba malo ndi GPS, amalemba gawo la dothi ndi komwe fupalo laloza, poti mafupa ataliatali olozera kumodzi amasonyeza komwe madzi ankalowera. Amafukula pamwamba pokha ndi kaburashi kofewa ndi timisomali. Pofooka amadonthezera mankhwala olimbitsa otchedwa Paraloid B-72 osungunulidwa mu acetone, omwe amachoka bwinobwino akafuna kuwachotsa. Kenaka amakumba ngalande mozungulira, patali ndi fupa, mpaka litsale pa kachulu kake ngati bowa. Amaliphimba ndi tishu yonyowa kuti pulasitala asamatirire pafupa, n'kukulunga ndi nsanza za chiguduli zoviikidwa mu pulasitala, kawiri kapena katatu, ndipo likakhala lalitali amaikamo mitengo yochirikiza. Pulasitala akauma ndi pomwe amadula kunsi, kutembenuza kamodzi n'kamodzi, n'kumatanso mbali yapansiyo. Ukatembenuza asanaume, kapena ngalande ikakhala yosazama, zonse zimakhuthukira pansi. Dothi lotsala amalisefa, chifukwa mano a tinyama ting'onoting'ono ndi zibenthu zosowa zimabisala mmenemo. Fupa limodzi lalikulu litha kudya masiku angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanu otentha tchire ndi odula mitengo ya makala m'mapiri amenewa, musayese kuti nkhaniyi siikukukhudzani. Kukokoloka kwapang'onopang'ono kumaonetsa mafupa, n'zoona, koma phiri likakhala lambee madzi amang'amba chigwembe usiku umodzi, n'kumwaza chigoba chonse kumtsinje. Fupa lokhala pamtetete limasweka ndi dzuwa ndi mvula, ndipo ziboda za ng'ombe zimamaliza zotsalazo. Aphunzitsi, mukapita ndi ana kukaona malowa, aliyense abwerere m'thumba mulibe kanthu.

Mukaona fupa lotere, musalisunthe ngakhale pang'ono. Lijambuleni ndi foni mutaika pambali pake bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kudziwike. Jambulaninso chigwembe chonse muli chapatali. Ngati foni ili ndi GPS sungani malowo, apo ayi zindikirani mtengo kapena thanthwe lapafupi. Ziweto zikamadutsa pamenepo, tchingani ndi minga mozungulira, osati kuunjika miyala pafupapo. Zithunzizo musazimwaze pa Facebook pamodzi ndi malo ake, mungaitane akuba. Kauzeni amfumu, ndipo uthenga ufike ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, kapena ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba zinthu zoterezi kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo, choncho mlendo akakupatsani ndalama kuti mumukumbire, muuzeni aonetse kaye chikalata cha boma pamaso pa amfumu.