Madokotala atsopano aziphunzirira kuti ntchito? Taonani za ku South Africa ndi ku Mozambique

Mwana wa achemwali anga atamaliza sukulu ya udokotala anabwera kudzationa kuno ku Zomba. Tikucheza pakhonde ndinamufunsa: "Kodi iwe, atakupeza agogo a ku Chingale ali ndi BP, shuga, miyendo yotupa, kwinaku akulera adzukulu atatu, ungayambire pati?" Anakhala chete kaye. Kenako anati, "Amalume, ku wodi wodwala amatipeza atagawidwa kale. Wa mafupa kwake, wapakati kwake, mwana kwake. Munthu yense wathunthu, ndi za kwawo zomwe, timamuona mwa apo ndi apo."

Kuno kwathu dokotala akatuluka ku koleji amachita internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa, kwa miyezi 18 a Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala, asanamulole kuima payekha. Amazungulira m'mawodi a zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central: wodi ya ana, ya azimayi, ya opaleshoni, ya matenda a akuluakulu. Maphunziro ake ndi abwino, sindikuwanyoza ayi. Koma akamaliza, ambiri amatumizidwa ku zipatala za m'maboma, komwe kulibe katswiri woti n'kumufunsa pakati pa usiku, makina oyezera ndi ochepa, ndipo ambulansi ili kutali.

Mbali ya udokotala yokonzekeretsa munthu ntchito yotere ndiyo family medicine. Dokotala wake amaona wina aliyense wolowa pakhomo, khanda kaya nkhalamba, n'kumutsatira zaka ndi zaka. College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndipo pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inayamba mu 2011 kutumiza ophunzira a chaka chachinayi kukaphunzira zimenezi m'zipatala za m'maboma, makamaka ku Mangochi. Mu 2015 anayambitsanso maphunziro a ukatswiri wake, ku Mangochi komweko, kenako ndi ku Nkhoma. Mbewu inadzalidwa. Vuto ndi loti wophunzira amalawa masabata ochepa asanakhale dokotala, pomwe nthawi imene manja ake akuzolowera ntchito amaithera ku chipatala chachikulu.

A ku South Africa anaganiza mwina. Family medicine anaivomereza kukhala ukatswiri pawokha mu 2007. Internship yawo ndi ya zaka ziwiri, ndipo m'chaka chachiwiri miyezi 6 yathunthu dokotala amaithera ku zipatala za m'maboma ndi makiliniki. Akatero pamabweranso chaka cha community service, chomwe chinayamba mu 1998, choti atumikire m'chipatala cha boma asanapite kwina. Miyezi 6 si yocheza. Munthu amene wamuyambitsa mankhwala a BP lero udzamuonanso akabwera mwezi wamawa, n'kudziwa ngati mankhwalawo akugwira kapena anangowasiya pawindo chifukwa akumuchititsa chizungulire. Ku wodi zimenezi suziona. Wodwala akatulutsidwa, nkhani yatha. Komabe tisaiwale kuti anzathuwa thumba lawo ndi lalikulu, ndipo akatswiri oyang'anira achinyamatawa ali nawo ambiri kuposa ife.

Ku Tanzania internship ndi chaka chimodzi chokha, ndipo ukatswiri wa family medicine umadziwika kwambiri ku Aga Khan University mu Dar es Salaam, m'tauni. Pamenepa sindikuonapo choti tiwasirire.

Amene andigwira mtima ndi a ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa uku. Ku Nampula, komwe njanji yodutsa pa Nayuchi imalowera, kuli yunivesite ya Lúrio. Kumeneko ali ndi ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, kutanthauza wophunzira mmodzi, banja limodzi. Wophunzira zaumoyo amapatsidwa banja m'dera loyandikana ndi sukulu n'kumaliyendera pa nthawi ya maphunziro ake. Amaona komwe amatunga madzi, chimbudzi chili pati, masikito akugwiritsidwa ntchito kapena ayi, ndani ali ndi mawu mwana akadwala. Izi sizilira makina odula. Wophunzira wotere sangadabwe kumva kuti mayi anachedwa kubwera ndi mwana wa malungo chifukwa amadikira bambo apeze ya kabaza.

Ena adzati Mozambique ikuphunzitsa ophunzira, osati madokotala omaliza sukulu, ndiye n'zofanana ndi za ku Mangochi. Zoona pang'ono. Kusiyana kwake n'koti ife timatumiza mwana kukaona chipatala cha kumudzi, iwo amamutumiza kukalowa m'nyumba ya wodwala, kobwerezabwereza.

Ine ndikanakonda titenge kuwiri konse: nthawi yotalika ngati ya ku South Africa, ndi kuyendera mabanja ngati ku Nampula. Ndipo Zomba ndi malo oyenera kuyesera. Chipatala chachikulu tili nacho, cha matenda a maganizo tili nachonso, ndipo Domasi, Pirimiti, St Luke's ku Malosa ndi Matawale si kutali. Pa miyezi 18 ija, itatu kapena inayi dokotala watsopano akanaithera m'malo amenewa, akugwira ntchito limodzi ndi ma clinical officer ndi anamwino amene asenza zipatalazi kwa zaka zambiri, tsiku lina n'kutsagana ndi alangizi a zaumoyo kumidzi.

Chimene sindingavomere ndi kumutaya mwana wa eni kumeneko yekha kuti atseke mpata wa antchito osowa, n'kumati akuphunzira. Pakhale nyumba yogona, pakhale dokotala wamkulu wobwera sabata iliyonse kudzaona naye odwala ovuta, ndi nambala ya foni yoyankhidwa ngakhale usiku. Mwana wa achemwali anga uja nditamufotokozera zimenezi anati zitatu zimenezi zitakhalapo, iye ku Domasi angapite mawa lomwe.