Munthu wagona m'manda zaka 58, lero mukuti tiyamike?

Usiku wathawu wina waponya chithunzi cha Sultan Khan m'gulu lathu la chess la pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti tiithokoze FIDE, bungwe loyang'anira chess padziko lonse, poti inamupatsa bamboyu ulemu wa Grandmaster, womwe ndi ulemu wapamwamba kwambiri umene limapereka kwa wosewera chess. Anthu n'kuyamba kuombera m'manja pomwepo. Ine zandinyansa ndipo sindibisa. Tithokoze chani? Munthu anamwalira mu 1966, FIDE n'kudzamukumbukira mu February 2024. Zaka 58 ali m'manda! Pepala laulemulo analandira ndi nduna yaikulu ya Pakistan ku Islamabad, mwini wake sanaliwone, sanaligwire, sanamve n'komwe kuti lilipo.

Kwa inu amene dzinali mukulimva koyamba, imvani kaye munthu amene anachitidwa zimenezi. Anabadwa mu 1903 ku Mitha Tiwana, m'chigawo cha Punjab, nthawi imeneyo India ili m'manja mwa Angerezi. Chess anaphunzira kwa bambo ake ali mwana, koma inali chess ya kwawoko, yomwe pawn (kamsilikali kakang'ono ka pabolodi) siidumpha mabokosi awiri poyamba, ndipo malamulo ena angapo ndi osiyana ndi amene timasewerawa. Anayambira kugonjetsa a kwawo komweko, mpaka Punjab yense anavomereza kuti palibe womuposa. Mkulu wina wachuma, Sir Umar Hayat Khan, ndiye anamutenga kuti aphunzire malamulo a ku Ulaya. Mu 1928 anatenga ukatswiri wa India yense, pamasewero 9 anapambana 8, amodzi okha n'kulepherana. Chaka chotsatira anakwera sitima ya pamadzi ndi Sir Umar kupita ku London, ndipo chaka chomwecho cha 1929 anakhala katswiri wa Britain. Anabwerezanso mu 1932, n'kubwerezanso mu 1933. Katatu, kwawo kwa eni malamulowo, munthu amene malamulowo anawaphunzira atakula kale.

Ndiye wina andiuze kuti FIDE inkafunika zaka zonsezi kuti imvetse kuti ameneyu anali Grandmaster?

Ku Hastings ku England, pampikisano wa 1930 kulowa 1931, anakhala moyang'anizana ndi Capablanca, amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, munthu woti kugonja kunali kosowa kwa iye. Sultan Khan anamufinya pang'onopang'ono, osathamanga, mpaka Capablanca anagonja. Mu 1931 anapambana katswiri wina wotchuka, Tartakower, pamndandanda wa masewero 12. Ku Olympiad, mpikisano wa matimu a mayiko, anasewerera England pabolodi yoyamba, ya katswiri wamkulu wa timu, katatu, ku Hamburg, ku Prague ndi ku Folkestone. Ku Prague komweko anagwetsa akatswiri ena otchuka, Rubinstein ndi Flohr, n'kulepherana ndi Alekhine amene panthawiyo ndiye anali mfumu ya chess padziko lonse. Zonsezi ankachita akudwaladwala, chifukwa kuzizira kwa ku England sikunamuyanje, chimfine ndi zilonda zapakhosi zosatha, malungo nawonso osamusiya.

Tsono tamverani pamene pakundipweteka kwenikweni. FIDE inayamba kupereka ulemu wa Grandmaster mu 1950, ndipo inasankha anthu 27. Tartakower analipo. Flohr analipo. Rubinstein analiponso, chonsecho iye anali atasiya kusewera mipikisano kalekale. Onse atatuwa anagonjapo kwa Sultan Khan. Iyeyo dzina lake silinalembedwe. Musandiuze kuti anamusiya poti anali atasiya kusewera, Rubinstein nayenso anali atasiya. Ndipo mu 1950 Sultan Khan anali moyo, ali kumudzi kwawo kumene anabwerera kumapeto kwa 1933, akulima. Anakhalabe ndi moyo zaka zina 16 pambuyo pake. Zaka 16 zoti kalata ikanatha kumupeza pakhomo, adzukulu n'kumuona agogo awo akuitsegula. Palibe anaitumiza mpaka chifuwa chachikulu chinamutenga ku Sargodha. Analibe womulankhulira m'maofesi a ku Ulaya, khungu lake nalonso silinamuthandize, basi.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ulemu umene munthu sanaulandire ali ndi mpweya si wake. Ndi wa amene akujambulitsa atanyamula pepalalo. Ndi wa bungwe limene likufuna kuoneka loyera lero. Ine sindikukana kuti abale ake anasangalala, ndipo ali ndi ufulu wosangalala, poti dzina la kholo lawo linayenera kulembedwa pamalo pake. Koma ife amene tikuonera patali tisasokoneze kubweza ngongole mochedwa ndi kupereka mphatso. FIDE siinamupatse kanthu Sultan Khan. Inangovomereza zimene bolodi inanena kale mu 1931. Munthu ukam'mana chake ali moyo, n'kudzachisiya pamanda pake, usayembekezere kuti tikuvinira.

Ndipo nthawi yomweyo panalinso mayi wina, Fatima, wa m'nyumba yomweyo ya Sir Umar, amene anatenga ukatswiri wa amayi ku Britain mu 1933. Amene mumaombera m'manja dzulo, ndi angati mwa inu munamumvapo?

Koma ndisamangoloza chala ku FIDE, chifukwa kuno kwathu tikuchita zomwezo, mwinanso kuposa. Pitani kukalabu iliyonse ya chess ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, mufunse anyamata amene akusewera pamenepo kuti katswiri woyamba wa kalabu yawo anali ndani. Adzangoyang'anana. Pomwe madala amenewo ena alipo, tikukumana nawo m'minibasi. Ndi iwo ankanyamula mabolodi m'jumbo kupita nawo kusukulu Loweruka popanda wowalipira. Ndi iwo anatiphunzitsa kuti hatchi imayenda bwanji, pawn ikasowa n'kuikapo chitsekerero cha botolo kuti masewero asaime. Mpikisano ukachitika sitiwaitana. Akabwera okha, palibe wowapatsa mpando, palibe wotchula dzina lawo pamwambo wopereka mphoto. Tikudikira tsiku la maliro kuti tidzaime pamaso pa anamfedwa n'kumati tataya chipilala cha masewerowa, ndiye tidzayambitse chikho chowakumbukira. Chikho chimenecho bwanji osachiyambitsa chaka chino, mdalayo adzachipereke ndi manja ake kwa mwana wopambana?

Sultan Khan bola, masewero ake analembedwa. Lero mutha kutsegula intaneti, n'kuyala bolodi, n'kutsatira mmene anamukhaulitsira Capablanca kuyambira poyamba mpaka pothera. N'chifukwa chake FIDE inalephera kumukwirira mpaka kalekale. Nanga madala athuwa? Mapepala olembapo masewero timawasiya patebulo mpikisano ukatha, wosesa n'kukawataya kudzala. Kabuku ka zotsatira kalabu ilibe, zonse zili mufoni ya mlembi, foniyo ikabedwa mbiri yonse yapita. Zikho zina sizilembedwa n'komwe dzina la wopambana kapena chaka. Ndalama ya maswiti ndi zakumwa pampikisano imapezeka, koma ya kope limodzi lachikuto cholimba ndiye akuti kalabu ilibe.