Kunyanja ndi galimoto yogonamo: bwerani mu Meyi

Ambiri akafuna kupita kunyanja amayang'ana tsiku la tchuthi pa kalendala, n'chifukwa chake onse amakaunjikana pa gombe limodzi. Kwa munthu wa galimoto yogonamo, ija imakhala ndi bedi, firiji ndi chitofu cha gasi mkati, vutoli ndi lalikulu. Galimotoyi ndi yaitali, imafuna malo osatsetsereka oimikapo, ndipo malo otere m'mbali mwa nyanja ndi owerengeka. Ine ndikuti bwerani ku Mangochi kuno tsiku la Kamuzu la pa 14 Meyi likangodutsa, mpaka pakati pa Juni. Fikani Lolemba, nyamukani Lachisanu m'mawa anthu a kumapeto kwa sabata asanatulukire.

Nthawi imeneyi mvula yatha, misewu yafumbi yolowera kumagombe yauma, koma mapiri a ku Monkey Bay akadali obiriwira. Ana ali kusukulu, alendo akunja sanachuluke. Masana mumasambira bwinobwino, usiku mumafunda bulangete limodzi n'kugona tulo. Mwera umakhalanso usanakwiye. Mphepo imeneyi imalimba mu Julayi ndi Ogasiti, imautsa mafunde, imang'amba chinsalu chamthunzi cha pambali pa galimoto mukachisiya chotambasula usiku, ndipo ulendo wa pa boti wokaona nsomba za mbuna kuzilumba umasanduka wovuta.

Koma Meyi ali ndi lake. Nyanja imafika pokwera kwambiri mu Epulo ndi Meyi, madzi a dzinja akatha kutsikiramo. Mu 2024 inamiza magombe ndi malo ena ogona alendo m'boma lino. Choncho musananyamuke imbani foni kumalo mukufuna kukaima, mufunse ngati poimika galimoto pali pouma komanso ngati pali soketi ya magetsi.

Masiku oti mupewe ndi odziwika: Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano, Pasaka, 6 Julayi, ndiponso kuposa onse 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Patsikuli mabasi ndi maminibasi amadzaza magombe, zoimbira zimalira mpaka usiku, ndipo galimoto yaikulu ikatsekeredwa pakati siituluka mpaka ena atachoka. Onaninso tsiku la Idi, poti limasuntha chaka ndi chaka. Kuno Asilamu ndi ambiri, masitolo ena amatseka ndipo pa boma pamadzaza anthu, ndiye gulani zanu dzulo lake.

Ena amati bwerani dzinja poti kulibe anthu. N'zoona kulibe, koma chifukwa chake chilipo: matope, udzudzu, ndi milatho yomwe nthawi zina imakokoloka. Galimoto yolemera matani atatu ikatitimira, anyamata asanu saikankha. Okutobala ndi Novembala ndiye kutentha kumapitirira madigiri 35. Mkati mwa galimoto mumakhala ngati mu uvuni, firiji imalira osapuma n'kumaliza batire usiku umodzi, ndipo magetsi akathima nyama ndi mkaka zawonongeka. Amene Meyi wamukanika asankhe Seputembala, sukulu zikangotsegulira.

Za msewu. Ochokera ku Blantyre ndi Zomba njira ndi M3 yodzera pa Liwonde. Ochokera ku Lilongwe amakonda kudulira ku Dedza n'kutsikira ku Golomoti, koma chitsetso chimenechi chili ndi makona akuthwa ambiri. Tsikani pa giya yachiwiri kuti injini igwire galimoto. Mukadalira mabuleki okha amatentha, amayamba kununkha, kenako phazi limangolowa pansi. Ngati simunazolowere, zungulirani ku Salima mudzalowe M10. Thirani mafuta odzaza thanki pa Liwonde, pa Salima kapena pa boma, musayembekeze kukawapeza kutsogolo. Mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo msewu wa ku Monkey Bay umadzaza njinga, mbuzi ndi oyenda pansi, choncho fikani kukadawala.

Msewu wa ku Cape Maclear ndi wa makilomita pafupifupi 18 kuchokera pamphambano ya pa msewu wa ku Monkey Bay, wopapatiza, wodutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. M'mudzi wa Chembe tinjira take n'tamchenga, todutsa pakati pa nyumba za anthu. Yambani mwayenda wapansi kukaona pokhotera. Mukalowa mumchenga phwetsani matayala kufika pa 1.5 bar pa geji yoyezera mpweya, ndipo mukhale ndi pampu yowapoperanso musanabwerere pa tala. Galimoto ikayamba kukumba, chotsani phazi pa mafuta, fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, ikani matabwa.

Madzi werengerani malita 20 munthu mmodzi pa tsiku, akumwa mutenge padera. Neti ya udzudzu muitenge ngakhale mu Meyi. Musasambire m'mabango kapena kufupi ndi mtsinje wa Shire, muli ng'ona ndi nkhono za likodzo, ndipo pakatha miyezi iwiri mutabwerera kwanu kayezetseni likodzo kuchipatala.

Chomwe ndikupempha ndi mtima wonse ndi ichi: madzi a m'chimbudzi cha galimoto kathireni m'chimbudzi cha pamalo mwaimapo, osati m'tchire kapena pagombe. Amayi a ku Chembe ndi ku Makawa amatsukira mbale ndi kusambitsira ana m'nyanja momwemo.