CHENJEZO: Siyani kuswa mababu ndi machubu a magetsi

Abale anga a kuno ku Joni, wopsa mtima apse koma ine ndi imvi zangazi sindingaone zoipa nkungokhala chete. Ndikunena za mababu aja opotanapotana osadya magetsi ambiri, omwe Eskom inagawa mamiliyoni ambirimbiri m'makomo muno kuti magetsi asamachepe, komanso machubu aatali oyera a m'magalaja ndi m'mashopu. Inu anyamata a zomangamanga, a m'magadeni, osamalira ma flat, khalidwe loti chubu ikapsa mukuimenyetsa pakhoma kuti ikwane mu bini mwalitenga kuti? Kuseri kwa flat ina ku Rosettenville ndaona ndi maso angawa ana akumenyana ndi machubu ngati malupanga, chubu kuphulika phuu, ufa woyera mbuu m'mutu ndi m'malaya, akuluakulu ali chikhalire pampando akuseka. Zamanyazi zedi!

M'kati mwa babu ngati limeneli muli mekyule, madzi asiliva aja ankakhala mu choyezera kutentha kwa thupi kuchipatala kale. Ndi wochepa inde, m'babu lopotana amakhala mamiligalamu 4 kapena cha pomwepo, ndiye musati ndikukuopsezani kuti babu limodzi likasweka mufa lero lomwe, ayi. Koma likasweka mekyule uja amasanduka mpweya, saoneka, samveka fungo, paja akulu anati tsoka silinunkha, umangopuma basi iye nkumalowa m'mapapo mpaka m'magazi, ndipo zomwe amawononga ndi ubongo, mitsempha ndi impso. Oyamba kuvulala ndi makanda ndi mwana amene ali m'mimba. Tsono taganizani mmene timakhalira ife, chipinda chimodzi anthu anayi, mu June mawindo onse otseka chifukwa cha chisanu cha kunochi, hita ili chiyakire, mwana akukwawa pakapeti pomwe pagwera zidutswazo kenako chala mkamwa. Inu mayi mwangosesa ndi tsache kamodzi nkumati zatha?

Ku Japan, m'tauni ya Minamata, m'zaka za m'ma 1950 anthu anayamba kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kuyankhula, ana kubadwa olumala, chifukwa chodya nsomba za m'nyanja momwe fakitale inkatayira mekyule. Pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mekyule linatenga dzina la tauni yomweyo. Musati ndi zakutali, konkuno ku Cato Ridge ku KwaZulu-Natal antchito a pafakitale ya mekyule anadwala ena mpaka kumwalira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Babu likasweka m'nyumba chitani izi, ndipo muwauze ana anu. Tulutsani ana ndi amayi oyembekezera, tsegulani mawindo ndi chitseko, nanunso mutuluke kwa mphindi 15. Mukabwerera musagwire ndi manja, tolani magalasiwo ndi zidutswa ziwiri za katoni, tizidutswa tating'ono ndi ufa uja mumate ndi selotepi, kenako pukutani ndi tishu yonyowa. Zonsezo, katoni ndi tishu zomwe, ikani mu botolo lagalasi ngati la mayonezi nkutseka zolimba, likhale panja. Azimayi ogwira ntchito m'nyumba za mabwana mvetsetsani apa, musayatse huva, makina okoka fumbi aja amangomwaza mpweya woipawo nyumba yonse ndipo woyamba kuupuma ndi inuyo amene mwawerama pamenepo. Madamu akakuuzani kuti pititsanipo huva msanga, afotokozereni mwaulemu, ntchito siitha chifukwa cha mphindi 15.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha mu bini. Mumaponya babu mu pulasitiki yakuda pamodzi ndi makoko a mbatata, mwaiwala kuti m'bandakucha galimoto yotenga zinyalala ya Pikitup isanafike kumabwera anthu aja okoka matrolle, amapisa manja m'mabini mwathu kufuna mabotolo ndi zitini kuti ana awo adye, ambiri opanda ndi magolovesi omwe, ena ndi abale athu enieni ochokera kumudzi. Akachekeka ndi galasi lanu lija mlandu ndi wa ndani? Zotsala galimoto imazikanya nkukazikhuthula kumtaya ngati wa Robinson Deep kufupi ndi Turffontein, kumenenso kuli anthu akutola tsiku lonse. Kuyambira 2016 lamulo la dziko lino limaletsa kutaya mababu amenewa kumtaya, ndiye ife alendo tisakhale oyamba kuliphwanya.

Babu lakupsa likulungeni mu nyuzipepa kapena libwezereni m'kabokosi kake lisasweke, masitolo ena a Pick n Pay ndi Woolworths amakhala ndi bokosi lolandirira mababu ndi mabatire akutha, funsani pakhomo akulozerani, salipiritsa. Kumeneko amakapereka kwa odziwa ntchito yake, amapatula mekyule, galasi ndi zitsulo. Pogula latsopano gulani la LED, mulibe mekyule ndipo limakhalitsa.

Ndi inu otumiza katundu kumudzi pa basi, machubu akale omwe bwana wachotsa pokonza nyumba musamawalonge pakati pa mabulangete ndi zovala za ana. Ulendo wa pa Beitbridge mpaka Mwanza mukuudziwa mmene katundu amakanyikira, adzafika ali zidutswa, ndipo amayi anu ndi amene adzakutumule bulangetelo ndi manja awo.