Chikalata cha 1784 chinali choona, chimene ankakana ndi khungu

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mukangomva dzina loti Freemason, maganizo amathamangira ku nkhani za satana ndi magazi. Sindinabwere kudzaikira bungweli kumbuyo, komanso sindikukopa munthu aliyense kuti akalowe. Chandilembetsa ndi mkangano wa pakati pawo eni ake, umene unatenga zaka zoposa 200 ku America, wokhudza amuna akuda amene ankanenedwa kuti ndi achinyengo pomwe chikalata chowavomereza anali nacho m'manja. Mmene ndikuonera ine, mkangano umenewu sunali wa malamulo ngakhale pang'ono. Malamulowo ankawafunafuna pambuyo, atagamula kale mumtima kuti munthu wakuda sangakhale m'bale wawo.

Kuti timvane, ma Freemason alibe likulu limodzi la dziko lonse lapansi. Amasonkhana m'magulu ang'onoang'ono otchedwa loji, ndipo maloji a m'dziko limodzi kapena a m'chigawo chimodzi amakhala pansi pa loji yaikulu yodziimira payokha. Palibe munthu mmodzi pamwamba amene angagamule kuti awa ndi enieni, awa ayi. Chimene chimagwira ntchito ndi kuvomerezana: loji yaikulu imalembera inzake kuti tikukudziwani, ndinu abale athu. Zikatero mamembala amayenderana ndi kukhala limodzi pa misonkhano. Zikapanda kutero chitseko chimatsekedwa, ndipo membala amene wakakhala nawo pa msonkhano wa gulu losavomerezeka akhoza kuchotsedwa. Zili ngati kalata imene mkhristu amatenga ku mpingo wake akamasamuka: ikalandiridwa amadya nawo mgonero, ikakanidwa amakhala kumbuyo ngati mlendo ngakhale anabatizidwa kalekale.

Loji yaikulu yoyamba inakhazikitsidwa ku London mu 1717, ndipo mpaka lero mawu a ku England amalemera kwambiri pa nkhaniyi. Mu 1929 iwo analemba mfundo zoyezera gulu lofuna kuvomerezedwa. Likhale lochokera ku loji yovomerezeka, anthu ake akhulupirire kuti kuli Mlengi, buku lopatulika likhale lotsegula pa msonkhano, akhale amuna okhaokha, ndipo mu loji asamakambirane za ndale kapena za chipembedzo. Za khungu mulibemo.

Prince Hall anali munthu wakuda wa ku Boston, ntchito yake inali yofufuta zikopa. Pa 6 March 1775, iye ndi anzake 14, onse akuda komanso mfulu, analowetsedwa mu loji ya asilikali a Britain amene anali ku Boston nthawi imeneyo, loji yomwe inali pansi pa Ireland. Nkhondo yomenyera ufulu wa America itakula, asilikaliwo anachoka mu 1776, n'kuwasiyira chilolezo choperewera: azisonkhana, aziyenda pa perete tsiku la Yohane Woyera, aziika maliro a anzawo mwa mwambo wa bungwe, koma asalowetse anthu atsopano. Loji yotere imatha yokha eni ake akamwalira. Choncho mu 1784 Hall analembera ku London, ndipo pa 29 September chaka chomwecho loji yaikulu ya ku England inawapatsa chikalata chokwanira, n'kuwalemba m'kaundula ngati African Lodge No. 459. Chinafika ku Boston mu 1787, ndipo chilipobe mpaka lero. Anthu a ku London ankadziwa bwino lomwe kuti akupereka chikalatacho kwa anthu akuda.

Ndiye azungu a ku America ankakanira chiyani?

Poyamba ankati malamulo akale a bungwe amafuna munthu wobadwa mfulu, ndipo akuda ambiri anabadwira mu ukapolo. Mfundo imeneyi imandinyansa, chifukwa ikuimba mlandu munthu wobedwa m'malo mwa wakuba. Ngakhale pa malamulo penipeni siimirira: England, mwini wake wa lamulolo, anasintha mawuwo mu 1847 kuti chofunika ndi chakuti munthu akhale mfulu pa nthawi imene akulowa, osati mmene anabadwira.

Kenako ankati African Lodge inafufutidwa m'kaundula mu 1813, pamene maloji aakulu awiri a ku England ankaphatikizana, ndiye mu 1827 itadzilengeza yokha kuti ndi yodziimira payokha inachita zopanda chilolezo. N'zoona kuti inafufutidwa. Koma sinafufutidwe yokha. Maloji ambiri a ku America amene anali atasiya kulumikizana ndi London anachotsedwa nthawi yomweyo, a azungu omwe. Ndipo maloji aakulu a azungu a ku America nawonso anadzipatula okha ku Britain nkhondo ya ufulu itatha, osapempha munthu. Chimene iwo anachita n'kuchitcha ufulu, akuda atachita chomwecho chinasanduka chinyengo.

Mfundo imene anaikakamira kwambiri ndi ya malire, yoti m'chigawo chimodzi mukhale loji yaikulu imodzi basi. Popeza ya azungu inalipo kale, ya akuda inali yolowerera. Apa mpamene pali nkhanza yeniyeni. Munthu wakuda akagogoda pa loji ya azungu ankamukana, chifukwa povota zolandira munthu watsopano mpira wakuda umodzi woponyedwa mwachinsinsi m'bokosi unali wokwanira kumubweza. Akapita kukamanga yake, ankamuuza kuti walakwira malire. Ndiye apite kuti? Komanso lamulo la malireli ndi la ku America, si la bungwe lonse. Kuno ku Africa maloji a pansi pa England, Scotland ndi Ireland akhala akugwira ntchito m'mizinda imodzimodzi kuyambira nthawi ya atsamunda. Ku South Africa kunalinso a pansi pa Netherlands, onse m'dziko limodzi, ndipo ankayenderana popanda vuto. Azungu okhaokha akakhala, malire sankapweteka aliyense.

Amene ananena chilungamo chake poyera ndi Albert Pike, mmodzi wa akuluakulu otchuka a bungweli kummwera kwa America, yemwenso anali mkulu wa asilikali ku mbali yoteteza ukapolo pa nkhondo yapachiweniweni. M'kalata yake ya 1875 anavomera kuti loji ya Prince Hall inali yovomerezeka mofanana ndi loji ina iliyonse. M'kalata yomweyo ananenanso kuti malumbiro ake anachita kwa azungu, ndipo tsiku limene adzakakamizidwe kulandira akuda ngati abale adzatuluka m'bungwemo. Munthu wodziwa malamulo a bungwe kuposa ambiri sanapeze cholakwika pa chikalata. Anangoti sakufuna.

Nkhani ya ku France nayo imakambidwa mwatheka. Ambiri amadziwa kuti Grand Orient de France, loji yaikulu ya m'dzikolo, inakanidwa chifukwa mu 1877 inachotsa lamulo loti membala akhulupirire Mulungu, ndipo n'zoona kuti England ndi ena anaisiya pa chifukwa chimenecho. Koma maloji aakulu ambiri a ku America anali atadula kale ubale ndi a ku France cha m'ma 1869, pamene iwo anavomereza gulu lina la ku Louisiana n'kulengeza kuti khungu, mtundu kapena chipembedzo zisalepheretse munthu kulowa. Pakamwa ankati ndi malire.

Panali azungu ena amene anayesa, ndipo ndiyenera kuwatchula. Mu 1898 loji yaikulu ya chigawo cha Washington, motsogozedwa ndi woweruza milandu William Upton, inafufuza mbiri yonse n'kunena kuti a Prince Hall, ndiye kuti a m'maloji a akuda ochokera ku African Lodge ija, ndi ma Freemason enieni. Maloji aakulu a zigawo zina anaikwiyira, angapo n'kudula nayo ubale, ndipo chaka chotsatira inabwerera m'mbuyo. Upton anamwalira mu 1906 atasiya mawu oti pa manda ake pasaikidwe chipilala kufikira tsiku limene ma Freemason oyera ndi akuda adzaimepo limodzi ngati abale. Manda aja anakhala opanda mwala mpaka 1991. Massachusetts nayo, kwawo kwenikweni kwa Prince Hall, inavomereza mu 1947 n'kubweza mawu mu 1949 anzake atayiopseza. Mukuona mmene kuvomerezana kumasandukira chikwapu: aliyense amaopa kutaya abwenzi ake, ndiye ngakhale wodziwa choona amakhala chete. Yoyamba kuvomereza osabwereranso m'mbuyo inali Connecticut mu 1989. England, amene anapereka chikalata chija, anavomereza loji yaikulu ya Prince Hall ya ku Massachusetts mu December 1994, patapita zaka 210.

Chimene chimandipatsa ulemu pa amuna amenewa n'chakuti sanakhale pakhomo kudikira kuti atsegulidwe. Prince Hall mwini wake anali m'gulu la amene analembera nyumba ya malamulo ya Massachusetts mu 1777 kupempha kuti ukapolo uthe, ndipo mu 1787 anapempha sukulu ya ana akuda. Mu 1797 anathandiza kukhazikitsa loji ku Philadelphia, imene mtsogoleri wake woyamba anali Absalom Jones, ndipo Richard Allen analinso momwemo. Allen ameneyu ndi amene anayambitsa mpingo wa African Methodist Episcopal, AME yomweyi imene Hanock Msokera Phiri anabwera nayo ku Kasungu mu 1924. Anthu amene anatuluka m'tchalitchi cha azungu chifukwa chokankhidwira kumbuyo pa nthawi ya pemphero ndi omwewonso amene ankamanga loji yawoyawo. Maloji amenewa ankasonkha ndalama za maliro, kusamala amayi amasiye, kulipirira ana sukulu, ndi kupereka zipinda zochitiramo misonkhano pa nthawi imene wakuda sakanapeza holo ya lendi. Thurgood Marshall, loya amene anapambana mlandu wothetsa tsankho m'sukulu mu 1954, anali membala wa Prince Hall, ndipo malojiwa ankasonkha ndalama zoyendetsera milandu ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America. Zonsezi ankachita akutchedwabe achinyengo.

Sizinachitike kwa ma Freemason okha. Akuda a ku New York atakanidwa ndi bungwe la azungu la Odd Fellows, wamalinyero wina wakuda, Peter Ogden, anakawatengera chilolezo ku England mu 1843.

Sindikunena kuti kuyesana n'kosafunika. Alipo anthu amene amangogula maepuloni ndi mabuku a miyambo, n'kudzitcha loji yaikulu, n'kumatolera ndalama kwa anyamata osadziwa. Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ambiri olonjeza chuma kwa aliyense wolipira ndalama yolowera, ndipo amenewo ndi akuba basi. Bungwe lili ndi ufulu wofunsa kuti unachokera kuti, anakupatsa mphamvu ndani. A Prince Hall nawonso amafunsa mafunso omwewo, mwina molimba kuposa azungu. Kuyambira 1847, pamene ena anakhazikitsa loji yaikulu ya dziko lonse yotchedwa National Compact, pakhala kugawikana pakati pawo, ndipo mpaka lero mbali yaikulu yotchedwa Prince Hall Affiliated sivomereza a Compact ndi magulu ena ambiri a akuda. Apa ndimavutika mumtima. Pena mkanganowo ndi woonadi, wa chikalata ndi mbiri. Koma zimandiwawa kumva anthu amene makolo awo anatchedwa achinyengo kwa mibadwo yambiri akuponyera anzawo mawu omwewo mosaganiza kawiri, makamaka kwa nkhalamba imene inalowa m'loji ya kwawo ndi mtima woona, yatumikira moyo wake wonse, osadziwa n'komwe za mkangano wa 1847.

Funso langa pa kukana kulikonse ndi lakuti, kodi wokanidwayo pali chimene angakonze kuti alandiridwe? Gulu lopanda chikalata likhoza kukachipempha. Gulu losatsata mwambo likhoza kusintha. A Prince Hall analibe choti akonze, chifukwa chikalata anali nacho, mwambo ankatsata, buku lopatulika linali pa guwa. N'chifukwa chake ndimakana ndikamva wina akunena kuti inali nkhani yovuta ya malamulo imene inafunika nthawi. Kuvomereza kwa 1989 ndi 1994 sikunabwere chifukwa chakuti kwapezeka pepala latsopano. Umboni unali womwewo umene Upton anawerenga mu 1898.

Ndipo ngakhale kuvomerezako kunabwera mokokedwa. Zigawo za kummwera, kumene kunali minda ya akapolo, ndi zimene zinatsalira. North Carolina inavomereza mu 2008, Alabama mu 2017. Ku Texas anasainirana mu 2007 kuti akuvomerezana, koma popanda kuyenderana: pa pepala ndinu m'bale wathu, koma mu loji mwathu musalowemo. Zinatenga mpaka 2014 kuti avomereze zoti wina akhoza kukakhala pa msonkhano wa mnzake. Zaka 7 zimenezo sindiziwerengera ngati kuvomerezana, popeza phindu lonse la kuvomerezana m'bungwe limeneli ndi lakuti munthu agogode, amuyese, amulowetse, akhale pampando. Mgwirizano wa 2007 unapatsa akuluakulu chonena kwa atolankhani, koma membala wamba wa Prince Hall ku Houston kapena ku Dallas anatsalabe panja pa chitseko.